Mmene ndinakhalira volontiya ku Two Oceans Aquarium

Ndinakulira ku Nkhotakota, m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, bambo anga ali msodzi wa chilimira. Ndiye nditabwera kuno ku Cape Town ndinkadziona ngati pa nkhani za madzi palibe angandiuze kanthu. Matama amenewa anatha tsiku lomwe ndinaviika mwendo m'nyanja yamchere pagombe la Blouberg mu Januwale, dzuwa likuswa mtengo. Madzi ake anali ngati ochokera mufiriji. Ndinatulukamo liwiro ana akundiseka, ndipo funso loti madzi angazizire bwanji chonchi m'nyengo yotentha linakhala m'mutu mwanga zaka ziwiri, mpaka linakayankhidwa m'kalasi la mavolontiya.

Anthu angapo akumudzi andifunsa kuti ndinalowa bwanji, choncho ndifotokoze mmene zinayendera.

Sindinayambe ndi fomu. Ndinayamba ndi kutola zinyalala. Two Oceans Aquarium, nyumba yosungira ndi kuonetsa zamoyo za m'nyanja yomwe inatsegulidwa mu Novembala 1995 pa V&A Waterfront, imakonza masiku oyeretsa m'mphepete mwa nyanja omwe amawatcha Trash Bash. Salipiritsa, ndipo aliyense amaloledwa, ngakhale ana. Mnzanga wa kutchalitchi ndi amene anandikokera Loweruka lina m'mawa. Anatigawa m'timagulu, wina wonyamula thumba, wina wolemba. Ine anandipatsa pepala ndi cholembera. Papepalapo panali mitundu 12 ya zinyalala zomwe amati Dirty Dozen: zotsekera mabotolo, mapaipi omwera zakumwa, timitengo ta maswiti, timitengo tochotsera phula m'khutu, mapepala a tchipisi, majumbo, twaini wa mbedza ndi zina. Chilichonse chikatoledwa, ndimayenera kuchonga.

Kunena zoona ndinaona ngati kutaya nthawi. Zinyalala n'zinyalala, bwanji osangowola n'kumapita? Koma pofika 11 koloko mzere wa timitengo ta maswiti unali utadzaza mpaka kuseri kwa pepala, pomwe poyang'ana ndi maso mchengawo unkaoneka woyera. Mayi wina wotitsogolera anatiuza kuti zambiri mwa zimenezi sizitayidwa ndi anthu obwera kudzasamba ayi, zimakokoloka m'misewu ya m'tauni n'kudzera m'ngalande za madzi a mvula. Ndinakumbukira ngalande ya kuseri kwa nyumba yomwe ndimachita lendi ku Dunoon, ndipo ndinangoti zii.

Ndinapitako kanayi ndisanafunse za uvolontiya weniweni. Ndikulangiza aliyense kuyamba choncho, chifukwa umadziyesa wekha ngati ungathedi kudzuka Loweruka popanda wokulipira.

Mawu oti popanda wokulipira ndiwabwereze. Kwathu tinazolowera kuti volontiya wa bungwe amalandirako kaalawansi, kapena njinga, kapena tisheti ndi fanta pa msonkhano. Kuno ayi. Ndalama ya basi imatuluka m'thumba mwako. Musanadzaze fomu, khalani pansi muwerengere kuti khadi lanu la mabasi a MyCiTi lidzadya zingati pamwezi, ndipo muone ngati abwana anu kuntchito sangasinthesinthe tsiku lanu lopuma. Ine ndimagwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti, ndipo ndinayamba ndapempha kuti Lachiwiri likhale langa lokhazikika. Zimenezi zinanditengera miyezi iwiri, kuposa china chilichonse pa ulendo wonsewu.

Fomu ndinadzaza pa foni. Maphunziro a mavolontiya satsegulidwa nthawi zonse, ndiye muzisuzumira pa webusaiti yawo kapena pa Facebook. Pomwe ankafuna kuti ndifotokoze chifukwa chomwe ndikufunira kulowa, poyamba ndinalemba Chingerezi chapamwamba chokopera m'mutu, za kukonda chilengedwe ndi zina zotero. Ndinafufuta. Ndinalemba kuti ndine mwana wa msodzi, ndimadziwa kusiyanitsa utaka ndi usipa mumdima, koma za nyanja yamchere sindidziwa kanthu. Imelo yondiitana itabwera ndinaiwerenga katatu.

Tsopano maphunziro. Apa ndi pomwe ambiri amaopa, ndipo sindinama, sabata yoyamba mutu unandiwawa. Sukulu ndinalekera Fomu 4 kalekale, ndiye kungofikira kumva mayina a Chilatini: Cnidaria, Mollusca, Echinodermata. Anzanga ena m'kalasimo anali ophunzira a ku yunivesite, ena agogo opuma pantchito omwe akhala akusambira m'nyanjayi moyo wawo wonse. Chomwe chinandipulumutsa ndi kope la masamba 72 lomwe ndinaligawa pakati. Kumanzere dzina la m'buku, kumanja dzina langa lopeka. Sea urchin ndinamutcha kanungu chifukwa cha minga. Anemone, duwa lolusa. Limpet, kachipewa. Starfish anakhala nyenyezi basi. Ndikaloweza ndi mayina angawa, Chilatini chinkabwera chokha pambuyo.

Ndipo zinthu zake n'zokoma kumva ukazigwira mutu. Nyenyezi ilibe ubongo, ilibe magazi, imayenda ndi timiyendo tambirimbiri tokankhidwa ndi madzi. Ikagwira mussel, nkhono ya zigoba ziwiri, imakanula zigoba pang'ono, n'kutulutsa chifu chake kunja, kuchilowetsa m'kati mwa chigobacho, n'kugayira chakudya momwemo. Kachipewa kamayendayenda pamwala kudya ndere madzi akadzaza, koma mitundu ina imabwerera pamalo pake penipeni pomwe chigoba chake chinasema. Tiana ta perlemoen, nkhono ija anthu amamangidwa nayo chifukwa choba, timabisala pansi pa minga ya kanungu. Kanungu akatha, perlemoen nayenso amavutika.

Funso langa la ku Blouberg linayankhidwa tsiku lophunzira za kayendedwe ka madzi. Kum'mawa kwa dziko lino kumatsika madzi ofunda a Agulhas kuchokera ku Indian Ocean. Kumadzulo kuli madzi ozizira a Benguela. M'chilimwe cha kuno mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, ija amati Cape Doctor, imakankhira madzi apamwamba kutali ndi gombe, ndipo apansi ozizira amakwera kudzalowa m'malo. Madzi apansiwo ndi odzaza ndi chakudya, n'chifukwa chake kumadzulo kuli nkhalango za kelp, ndere zikuluzikulu za m'nyanja, ndi nsomba zochuluka. Mphunzitsi akufotokoza, ine ndinangoti, aa, si mwera uwu? Kwathunso mwera ukaomba miyezi yozizira umavundula madzi apansi kum'mwera kwa nyanja. Bambo anga ankazidziwa izi ndi khungu lawo, osati ndi choko. Nditakweza mkono n'kunena, mphunzitsi anandipempha kuti ndifotokozere kalasi lonse za Nyanja ya Malawi ndi mbuna zake. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kukhala kumbuyo.

Chinanso, musadzanamize alendo kuti nyanja ziwirizi, Indian ndi Atlantic, zimakumana ku Cape Point. Malire ovomerezeka ali ku Cape Agulhas. Funso limeneli limabwera pafupifupi tsiku lililonse.

Panalinso ulendo wa kumiyala ya m'mphepete mwa nyanja. Chinthu chomwe mwana wa ku Nkhotakota sachidziwa ndi chakuti nyanja yamchere imaphwa ndi kudzaza kawiri patsiku. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa imaphwa kwambiri, ndipo kuno zimenezi zimachitika cha m'ma 9 kapena 10 koloko m'mawa. Nthawi imeneyo ndi yomwe maiwe a m'miyala amaonekera. Ine ndinapita nditavala patapata, ngati ndikupita kukatsuka mbale kudooko. Sindinayende mamita khumi. Ndinaterereka pa ndere, chigongono chinakhula pa zigoba zakuthwa, foni ili m'thumba inamwa madzi amchere. Valani matenesi akale, foni muisiye m'chikwama. Malamulo awiri omwe anatibwerezera mpaka kutopa nawo: usafulatire nyanja, ndipo mwala ukauvundukula uubwezere mmene unalili, chifukwa tamoyo ta pansi pake timafa tikawombedwa ndi dzuwa.

Mayeso olemba sanandivute monga ndinkaopera. Chinandivuta ndi kulankhula. Ankatiyesa kuti tifotokoze chamoyo chimodzi ngati tikuuza alendo, ndipo ine ndinalakatula zonse zomwe ndinaloweza za anemone ngati katekisimu, osapuma, maso ali kudenga. Agogo ena achizungu omwe akhala volontiya zaka zambiri anandikokera pambali. Anati mwana wa zaka zisanu sanabwere kudzamva ulaliki. Mufunseni kuti akuganiza kuti ichi ndi chomera kapena nyama, kenaka mukhale chete. Kukhala chete kumeneko ndinakuphunzira movutika kuposa Chilatini.

Ukakhoza sakusiya wekha nthawi yomweyo. Masiku oyamba ndinaima pambali pa volontiya wakale n'kumaonera. Malo athu ambiri ndi awiri: pa mayikulosikopu, pomwe timaonetsa tinthu ting'onoting'ono pa sikirini, ndi pa dziwe logwira, pomwe alendo amaloledwa kukhudza zamoyo. Ntchito zosamalira nyama kuseri zimafuna kuti uyambe wakhalitsa. Amene akubwera ndi maganizo oti sabata yoyamba adzasambira ndi shaki kapena kunyamula mbalame ya penguin adzakhumudwa. Ntchito yeniyeni ndi kuima maola angapo manja ali m'madzi ozizira, ukunena mawu amodzimodzi kambirimbiri: chala chimodzi, pang'onopang'ono, osachitulutsa m'madzi. Pomaweruka zala zimakhala zitachita makwinya, ndipo m'basi anthu amakununkhiza ndere.

Za akamba a m'nyanja ndiyenera kunenako, chifukwa aliyense wokhala ku Cape akhoza kukumana nazo ngakhale si volontiya. Akamba a mtundu wa loggerhead amaikira mazira kumpoto kwa KwaZulu-Natal. Tiana tikaswa timatengedwa ndi madzi a Agulhas kutsika kum'mwera, ndipo kuyambira cha mu Malichi mphepo imatiponyera kugombe la kuno titazizidwa, titafooka, tina titameza pulasitiki. Kamodzi kamakwana pachikhatho. Mukakapeza musakabwezere m'nyanja, kakafa ndi kuzizira. Kaikeni m'kabokosi kouma pa kathaulo, musakapatse chakudya kapena madzi, ndipo imbirani a aquarium. Amatisamalira miyezi ingapo n'kukatimasula m'madzi ofunda. Alendo amakondanso kufunsa za Yoshi, kamba yemwe anakhala pa aquarium zaka 20, n'kumasulidwa mu Disembala 2017, ndipo kachipangizo komwe anamumata pamsana kanaonetsa kuti anasambira mpaka ku Australia. Nkhani ya ma penguin a ku Africa ndiye yowawa kuifotokoza kwa ana: mu 2024 anaikidwa m'gulu la zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutheratu, ndipo chifukwa chachikulu ndi kuchepa kwa tinsomba ta sardine ndi anchovy tomwe amadya. Ine ndikamafotokoza ndimaganiza za chambo, mmene chinasowera pamphasa za asodzi kwathu.

Lachiwiri lina la tchuthi cha sukulu, anthu ali pikitipikiti, ndinamva kumbuyo kwa gulu bambo wina akuuza mkazi wake chapansipansi kuti, "Koma zimenezi n'ndiwo?" Ndinayankha osadzutsa mutu: "Izi ayi achimwene, mungatupe nazo pakamwa." Bamboyo anadzidzimuka mpaka kugwira pachifuwa. Anali a ku Mangochi, amakhala ku Imizamo Yethu, ndipo anasunga ndalama kuti abweretse mwana wawo wamkazi pa tsiku lake lobadwa. Mwanayo anabadwira konkuno, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Ankaopa kuviika dzanja.

"Bwera kuno mwanawe," ndinatero. "Ichi ukuchiona ngati duwachi, ndi chomera kapena nyama?"

Anayang'ana amayi ake. Ine ndinaluma lilime, kukumbukira agogo aja. Patapita kanthawi anatambasula chala chimodzi n'kukhudza timanja ta anemone. Tinamumata pang'ono, kenaka chonsecho chinadzipinda n'kutseka. Anakuwa, n'kuseka, n'kutembenukira kwa bambo ake: "Adadi, chandigwira!"

Amayi ake anandifunsa kuti, "Achemwali, ntchito imeneyi munaipeza bwanji, amalipira bwino?" Nditawauza kuti salipira anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Komabe tisanasiyane anandipempha kuti ndiwalembere tsiku la Trash Bash yotsatira. Ndinalemba kuseri kwa lisiti yawo, dzanja likunjenjemera ndi kuzizira, inki n'kufalikira ndi madzi.