Sabata yachisanu yophunzira kulemba mapulogalamu: kani kompyuta siimva n'Chizungu chomwe

Chiperoni chatitsekera m'nyumba masiku atatu kuno kwa Chitakale, phiri osaoneka n'komwe, ndiye ndakhala ndikungolimbana ndi kapulogalamu kanga kaja kowonkhetsa makilo a tiyi amene azakhali amathyola kumunda kwawo. Ndikulembabe pafoni mu Termux, app imene imalola kulemba ndi kuyendetsa mapulogalamu pafoni pomwepo, laputopu ndimachita kubwereka kwa msuweni akaweruka.

Zomwe zandizunguza mutu ndi izi. Ndinakalemba mu Python, chimodzi mwa zilankhulo zolembera mapulogalamu, kanayamba bwinobwino, makilo a Lolemba atuluka, a Lachiwiri atuluka, kufika pamzere 14 phuu! NameError, kutanthauza kuti yapeza dzina losalidziwa, kani ndinalemba makilp m'malo mwa makilo. Mawa lake ndinati ndiyese komweko mu C, chilankhulo china, ndinangoiwala semicolon (;) imodzi yokha koma clang, pulogalamu yomasulira C, anakaniratu osatulutsa olo nambala imodzi. Ndiye ndimvekere bwanji wina akuyamba ntchito n'kukafera panjira pomwe mnzakeyu akukana asanagwire n'khasu lomwe?

Nkhani yake ndi yakuti purosesa, ubongo wa kompyuta uja, siidziwa mawu a m'pulogalamu ngati print kapena while, imangodziwa manambala a 0 ndi 1 basi, olo chilembo A kwa iyo ndi 65, kapena kuti 01000001. Ndiye pamafunika womasulira. C, ija anapanga Dennis Ritchie ku Bell Labs cha m'ma 1972, imadalira compiler, ali ngati munthu amene walandira kalata yochokera ku Joni n'kuimasulira yonse m'Chilomwe papepala lina kenako n'kukapereka kwa agogo, akapeza chiganizo chosamveka saperekanso kalatayo. Python ndimkaiona ngati womasulira wa kutchalitchi kukabwera mlaliki wachilendo, abusa chiganizo iye chiganizo, mavuto amakumana nawo pomwepo anthu ali chete kudikira.

Koma fanizo langali linandinamiza pang'ono aise. Nditaiwala colon (:) pamzere wa if, Python nayo inakana kuyamba, SyntaxError, osasindikiza kanthu. Kufufuza ndapeza kuti nayonso imayamba yawerenga fayilo yonse n'kuisandutsa bytecode, timalamulo tating'onoting'ono, kenako pulogalamu ina ndi imene imatenga timalamuloto kamodzikamodzi n'kumachita. Galamala yolakwika imagwidwa pachipata, koma dzina ngati makilp imakalifunafuna ikafika pamzerewo. Ndipo chandiseketsa n'chakuti Python imene tonse timaikayi inalembedwa mu C. Guido van Rossum anaitulutsa mu 1991 atatsamira pa mkulu wake.

Mafayilo a .pyc aja mufoda ya __pycache__ ndakhala ndikuwadilita mwezi wonse ndimayesa ndi vayirasi, kani ndi bytecode yomweyo, imasunga kuti isamamasulirenso fayilo imene ndachita import, kuiitana kuti igwire ntchito mu pulogalamu ina. Manyazi bwanji.

Amene muli ndi Python yesani import dis, kachida koonetsa bytecode, mulembe function, kachigawo ka pulogalamu kokhala ndi dzina, yophatikiza a ndi b kenako dis.dis, muona mawu ngati LOAD_FAST ndi RETURN_VALUE, tenga ichi, tenga icho, phatikiza, bweza. Ku C ndinapanga clang -S, lamulo loonetsa timalamulo ta purosesa, pafoni zinatuluka ldr, add, ret, pomwe palaputopu ya msuweni pulogalamu yomweyo inabwera ndi ma mov ambirimbiri, chifukwa foni ili ndi purosesa ya ARM pomwe laputopuyo ndi Intel, zilankhulo zawo n'zosiyana. N'chifukwa chake fayilo imene ndinapanga compile pafoni inakana kuyenda uko koma ya .py inayenda osasintha kalikonse.

Ndinawathamangitsanso mpikisano, kuwonkhetsa manambala kuyambira 1 mpaka 50 miliyoni. C inamaliza ndisanaphethire, Python ndinachita kuidikira foni mpaka kufunda.

Sabata yamawa ndikufuna ndiyese kulemba ka interpreter kangakanga, womasulira wa chiganizo ndi chiganizo uja, kongomva mawu awiri, onjeza ndi chotsa, ngati magetsi salowerera. Azakhali ndawafotokozera zonsezi dzulo akusenda chinangwa, angondifunsa kuti nanga makilo a Loweruka bwanji sakuoneka, kubwerera pa pulogalamu ndapeza range yanga, yomwe imawerenga masiku, ikuthera pa Lachisanu.