Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Ine ndi Tian Tian

Zikomo nonse amene munandilembera mutawerenga gawo lapitali, makamaka inu mayi a ku Mzuzu amene munati nanunso munadutsa momwemo. Ambiri mwafunsa za chithunzi cha panda, nyama ya ku China yonga chimbalangondo, chimene chili pakhoma pabalaza panga. Nayi nkhani yake.

Mukukumbukira kuti mu 2013 ndinapita padera kachitatu. Apongozi anaimba foni kuchokera ku Dedza. Sanandifunse kuti ndadzuka bwanji. Anangoti, "Nanga mwana wangayo azingodyetsa chumba mpaka liti?" Foni ndinaigwirabe kukhutu ngakhale iwo anali atadula kale. Milungu itatu sindinatsegule makatani. Tizovala tamwana timene ndinagula mobisa ndinkatitulutsa usiku, kutipinda, kutibwezera m'chikwama. Bambo aja ankabwera kuchokera kuntchito, kudya, kugona, osanena kanthu.

Achemwali anga a ku Glasgow aja ndi amene anandikoka mu Novembala, nati tiyeni ku Edinburgh Zoo, malo osungirako nyama ku Scotland, mukapitidwe mphepo. Ndinapita chifukwa cha ulemu basi.

Anatilowetsa m'magulu, aliyense pa nthawi yake. Kuseri kwa galasi kunali panda wamkazi dzina lake Tian Tian, atakhala tsonga ngati munthu, miyendo atatambalala, nsungwi ili m'dzanja. Ankaisenda ndi mano ngati mmene timachitira ndi nzimbe, kutafuna mosapupuluma, zinyenyeswa zikugwera pamimba. Padzanja pake pali kafupa kotuluka ngati chala chachikulu, ndi kamene amapanira nsungwiyo. Kwathu nsungwi timalukira madengu ndi malichero, koma iye ndiye nsima yake, ndipo amatha maola opitirira 10 pa tsiku akungodya.

Womusamalira anatifotokozera kuti panda wamkazi amatha kutenga bere masiku awiri kapena atatu okha pa chaka, ndipo mwana amabadwa wofiirira, wosaona, wolemera magalamu pafupifupi 100, ngati mbewa. Chaka chomwecho madokotala anamuthandiza Tian Tian kutenga bere, manyuzipepala a dziko lonse akuwerengera masiku, kenaka mu Okutobala analengeza kuti bere lachoka.

Miyendo inandizizira. Anthu amajambula, ana amakuwa, ine misozi ili chuchuchu. Dziko lathunthu linali kuyang'ana mimba ya nyama imeneyi ngati mmene mudzi wa apongozi unkayang'anira yanga. Koma iye anali phee, akudya, ndipo omusamalira ankamukonda chimodzimodzi. Achemwali anandigwira phewa nati, "Lirani, mng'ono wanga, musaumire." Madzulo a tsiku limenelo ndinadya n'kukhuta, koyamba m'mwezi wathunthu.

Inu alamu amene munafalitsa kuti ndapenga, ndikukalirira nyama kwa azungu, ndikudziwa mumawerenga. Ndinalira, inde. Inu simunabwere ngakhale kudzandiona kuchipatala.

Ena mwa inu mudzati ndalama zimene a Edinburgh Zoo ankapereka ku dziko la China pobwereka nyamazi, pafupifupi madola 1 miliyoni pa chaka, zikanathandiza anthu. Ndikumva, inenso ndimatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi. Koma nyama zimenezi m'tchire zimapezeka m'mapiri a Sichuan, Shaanxi ndi Gansu mokha, ndipo kalembera wa 2014 anapeza 1,864 basi. Chifukwa choteteza nkhalango za nsungwi, mu 2016 anazichotsa pa gulu la nyama zimene zatsala pang'ono kutha. Ine ndikuti ntchito imeneyo ndi yabwino.

Zaka 10 zinadutsa, banja linatha, unamwino ndinamaliza.

Pa 30 Novembala 2023, tsiku lomaliza kuti anthu aone panda awiri a ku Edinburgh Zoo, ndinapempha tchuthi n'kukwera sitima ndekha. Yang Guang, panda wamwamuna, anali mtulo. Tian Tian anali pakona, atandifulatira, akudya. Ndinaima mpaka anatiuza kuti nthawi yatha. Pa 4 Disembala onse awiri anakwera ndege kubwerera ku China, patatha zaka 12, opanda mwana. Chithunzi chija ndinajambula tsiku limenelo, n'chifukwa chake chikungoonetsa msana.

Gawo lotsatira ndikuuzani za ulendo wanga wa ku Dedza kumaliro a apongozi.