Mbiri ya bizinesi yathu: kuchotsa nayitireti m'madzi ndi sulufule

Mwezi uno tatsegula chipinda chathuchathu choyezera madzi, ndiye mpofunika makasitomala adziwe zimene zimachitika m'mathanki amene timawamangira.

Madzi oipa akadutsa m'thanki yopopera mpweya, amoniya (mankhwala ochokera m'zonyansa) amasanduka mankhwala ena otchedwa nayitireti. Ambiri amati ntchito yathera pomwepo. Ayi ndithu. Nayitiretiyo akafika mumtsinje amameretsa ndere, ndipo bungwe la WHO limati m'madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 50 pa lita. Pomuchotsa m'madzi timadalira mabakiteriya: ena amathira mankhwala a methanol kuti mabakiteriyawo apeze chakudya, ife tinasankha sulufule. Mabakiteriya otchedwa Thiobacillus denitrificans amakangamira pa timibulu ta sulufule, ndipo pamalo popanda okosijeni amasandutsa nayitireti kukhala mpweya wa nayitirojeni umene umangouluka. Matope amatsala ochepa, ndipo sipafunika pampu yothira mankhwala usana ndi usiku.

M'thanki timaikamo timibulu ta mamilimita 2 mpaka 5, magawo awiri a sulufule pa gawo limodzi la miyala ya laimu, madzi n'kumalowera pansi kukwera m'mwamba. Kuchotsa galamu imodzi ya nayitirojeni wa mu nayitireti kumadya pafupifupi magalamu 2.5 a sulufule, kumasiya m'madzi magalamu 7.5 a salifeti (mchere wochokera ku sulufule), komanso asidi wofuna magalamu pafupifupi 4.5 a laimu kuti aphedwe mphamvu.

Laimuyu ndiye anatsala pang'ono kutigwetsa. Wogulitsa wina anatitulira miyala yolimba, yosasungunuka, akulumbira kuti ndi laimu weniweni. Asidi anachuluka, pH (muyeso umene umatsika asidi akachuluka) inatsika pansi pa 6, mabakiteriya anafooka n'kumasiyira ntchito panjira. M'madzi munadzaza nayitiraiti, mankhwala otsala nayitireti akasanduka mosamaliza, amene kwa nsomba ndi woopsa kuposa nayitireti. Tinakhuthula thanki yonse pa ndalama zathu, n'kudikiranso milungu kuti mabakiteriya amerenso. Bamboyo mpaka lero foni yathu sayankha, ndipo omwe anatikongoza ndalama sanafune n'kumva komwe. Panopa katundu aliyense akafika timadonthezera asidi pa miyala ingapo: ikapanda kuchita thovu, galimoto ibwerere nayo.

Mavuto ena ndi odziwika. Thovu la nayitirojeni limatsekera pakati pa timibulu, madzi n'kumalambalala, choncho timatsuka pokankha madzi mwamphamvu kuchokera pansi. Madzi akakhalitsa m'thanki nayitireti atatha kale, pamamveka fungo la mazira oola, ndipo mankhwala ake n'kuwonjezera liwiro la madzi. Kukazizira pansi pa madigiri 15 ntchito imachedwa. Za salifeti sitibisa: madzi okhala ndi mamiligalamu 40 a nayitirojeni pa lita amatuluka ndi salifeti wowonjezera wokwana mamiligalamu 300 pa lita, pamene lilime limayamba kumumva pa 250. Ngati madziwo ndi oti amwedwe, timakuuziranitu kuti njirayi payokha siyokwana.

Tikuthokoza kwambiri kasitomala uja amene anatipirira thanki itafa, amisiri athu amene anatapa sulufule ndi fosholo maso akuyabwa osadandaula, akatswiri amene ankatiyezera madzi tisanakhale ndi zipangizo, ndi mabanja athu amene anatilimbitsa mtima. Zikomo inunso amene mumatitumizira anzanu.

Ngati muli ndi fakitale, maiwe a nsomba kapena nyumba zambiri zotayira madzi pamodzi, tibweretsereni lita imodzi m'botolo loyera, lotseka bwino. Tiyeza nayitireti, pH ndi salifeti, kenako tikuuzani kukula kwa thanki yokuyenerani.