Chipinda changa cha ku Matundo chasanduka cha alendo

Mwezi watha eni nyumba anandiitanira pakhonde. “Mwanangu, usandiipire mtima, koma ufune pena.” Zaka 4 ndakhala m’chipinda chimenecho ku Matundo, mumzinda wa Tete, osaphonyapo lendi. Tsopano apakamo penti, aikamo makina oziziritsira mpweya (kutentha kwa ku Tete kuno mlendo sangagone popanda amenewo), ndipo akuchibwereketsa pa usiku. Amalengeza pa Facebook ndi WhatsApp, ndalama nkumalandirira pa M-Pesa.

Kunena zoona, sindingawadzudzule kwenikweni. Chiyambireni migodi ya malasha ku Moatize, makamaka pomwe kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011, anthu obwera masiku owerengeka sasowa: amakontilakiti, amalonda odutsa pa Zóbuè kuchokera ku Malawi, ena ongofuna kukaona damu la Cahora Bassa. Mlendo wa masiku anayi amasiya ndalama yomwe ine ndinkapereka mwezi wathunthu. Mayi wina wapafupi wapezapo ganyu yochapa zofunda, ndipo mnyamata wa txopela (njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu) sakhalanso pamthunzi kuyasamula.

Chondiwawa n’china. Eni nyumba yogona alendo ya kuseri kwathu anakatenga chiphaso, ali ndi NUIT (nambala ya msonkho), amakhoma msonkho, amalemba mlendo aliyense m’kaundula. Eni nyumba angawa alibe ngakhale kope. Usiku pageti pamalowa nkhope zachilendo, a mfumu a m’dera sadziwa n’komwe.

Ine ndapeza kachipinda kutali ndi mseu, madzi ndi okatunga kwa aneba. Amayi ku Ulongwe akuti ndingobwerera tizikalima kachewere.