Zikomo nonse: nkhokwe ya mpingo yatifikitsa ku chimanga chatsopano

Abale ndi alongo mwa Ambuye, amayi ndi abambo a m'milaga yonse, mtendere ukhale nanu.

Mondokwa wayamba kuwotchedwa pa msika wa pa Boma, maungu afika m'makomo, ndipo ife a komiti ya zachifundo tatseka kaundula wa miyezi ya njala. Nkhokwe ya mpingo sinaume. Amasiye, agogo osamala zidzukulu ndi odwala mgonagona amene analembedwa alandira gawo lawo mwezi ndi mwezi mpaka lero. Tikuthokoza Mulungu, ndipo tikuthokoza inu. Mayina sititchula, pakuti pa Mateyu 6:3-4 Ambuye safuna kuti dzanja lamanzere lidziwe zimene lamanja lachita. Titchula ntchito zokha, ndipo tizitchula mwatsatanetsatane, chifukwa madalitso amene tawaona chaka chino adzera m'malamulo ang'onoang'ono amene ena amawadumpha powerenga Levitiko ndi Deuteronomo.

Tiyambe ndi inu alimi amene munabweretsa chachikhumi cha zokolola. Ambiri timadziwa Malaki 3:10 chifukwa cha mazenera a kumwamba, koma vesi lomwelo limanena cholinga cha chachikhumi: kuti m'nyumba ya Mulungu mukhale chakudya. Deuteronomo 14:28-29 amatchulanso odya ake, Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye. Choncho chimene munabweretsa chinali nsima ya munthu wina mu Febuluwale, ndipo munachiwerenga bwino. Kwa amene mumavutikabe ndi masamu ake, njira ndi iyi. Werengani mutatonola, kupeta ndi kuyanika, osati chili m'makoko. Pa matumba 10 a makilogalamu 50, thumba limodzi. Ngati simunafike matumba 10, sinthani kukhala ndowa: ndowa zitatu za malita 20 zimadzaza pafupifupi thumba limodzi, ndiye matumba 7 ndi ndowa 21, chachikhumi chake ndowa ziwiri. Wokolola matumba atatu abweretse ndowa imodzi yosadzaza kwenikweni, asachite manyazi. Ndowa zoterezi ndi zimene zinachuluka, ndipo zitaphatikizana ndi zimene zinadzaza thandala.

Chimene tikuyamikira koposa ndi mtundu wa chimanga. Pa Malaki 1:8 Mulungu akudandaula za anthu opereka nyama zakhungu ndi zopunduka. Kwathu kuno nyama yakhunguyo ndi chimanga chosesa pansi pa nkhokwe, chofumbwa, kapena chachuku chimene vendala wakana. Choipa cha chimanga chotere nchakuti sichiwonongeka chokha. Thumba limodzi la anankafumbwe likalowa m'chipinda, pakangotha miyezi iwiri matumba oyandikana nalo amayamba kutuluka ufa m'misoko. Chuku nacho chili ndi poizoni amene sachoka ngakhale mukonole, mugayitse ndi kuphika, ndipo amawononga chiwindi. Kupatsa agogo odwala ufa wotere ndi kuwathandiza ndi dzanja limodzi, lina likuwakankhira kumanda.

Apa ndi pamene amayi a m'bungwe la amayi munagwira ntchito imene ambiri sanaione. Thumba lililonse munalikhuthula pa tenti, kusankha njere zowola ndi zosintha mtundu, kupeta, kenako kuyesa kauma kake. Chimanga chosunga chimafunika chinyezi chisapitirire 13 peresenti. Popanda makina, kuluma njere kumathandiza: youma imalira "gwa" nkusweka, yaiwisi imangophwanyika mofewa. Njira ya mchere ndiyo yodalirika kuposa dzino. Tengani botolo lagalasi louma bwino, thiranimo chimanga chodzaza dzanja ndi supuni ziwiri za mchere wouma, tsekani, khutchumulani, dikirani mphindi 15 nkukhutchumulanso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Ndi kutentha kwa kuno ku Mangochi, chimanga chotsekeredwa chisanaume chimatuluka thukuta m'thumba momwemo nkuchita chuku.

Anyamata ndi atsikana a m'gulu la achinyamata, zikomo chifukwa chosamala matumba a PICS monga munaphunzitsidwira. Thumbali lili ndi zigawo zitatu, mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja, ndipo limapha anankafumbwe powamana mpweya, popanda mankhwala. Mphamvu yake yonse ili pa kusabooka. Nchifukwa chake pulasitiki iliyonse imayesedwa kaye poikola mpweya ndi kuifinya, chimanga chimapetedwa kuti tizitsononkho tisabaye mkati, mpweya umafinyidwa wonse, ndipo chigawo chilichonse chimapotokoledwa, kupindidwa ndi kumangidwa pachokha. Kumanga zigawo zitatu ndi chingwe chimodzi ndi kulakwitsa kumene kumachitika kawirikawiri. Matumba wamba anathiridwa mankhwala ophera anankafumbwe a Actellic motsata muyezo wolembedwa pa paketi, posakaniza pa tenti ndi fosholo, osati kungowaza pakamwa pa thumba. Onse anasanjidwa pa thandala, osakhudza pansi kapena khoma, kusiya kampata koti munthu adutse ndi tochi kuona makoswe ndi chiswe. Tikumbutsenso pano, popeza ena mumafunsa: mapiritsi ofukiza chimanga aja musawaike m'nyumba yogona anthu. Mpweya wake umapha.

Inu amalonda a pa msika ndi a m'madoko, tili nanu mawu apadera. Levitiko 19:35-36 amalamula sikelo yoona ndi muyezo woona, ndipo Deuteronomo 25:13-15 amaletsa kukhala ndi miyezo iwiri, waukulu ndi waung'ono. Mneneri Amosi, pa mutu 8 vesi 5, anali atawaona kale anthu ochepetsa muyezo nkukweza mtengo. Tonse tikuzidziwa njomba zake: chigoba cha malita 5 chomenyedwa kunsi kuti chilowe mkati, ndowa yodulidwa mlomo, ndowa yofufumitsidwa ndi madzi otentha yogulira kwa alimi, sikelo yokhala ndi singano yosayambira pa ziro. Ena mwa inu munabweretsa zigoba zanu ku tchalitchi kuti ziyesedwe ndi madzi pamaso pa madikoni, ndipo zoperewera munaziphwanya nokha. Kuyesa kwake nkosavuta, botolo la lita imodzi lithiridwe kasanu, madzi afike pa mlomo. Phindu la tsiku limodzi linatsika ndithu, sitikana. Koma mayi amene wagula chigoba chokwana amabweranso mawa ndi mnzake, ndipo ndalama imene komiti inagulira nyemba inagula nyemba zokwanira ndalamayo.

Abale athu asodzi a ku Malindi, ku Msaka, ku Chembe ndi a m'mbali mwa Malombe, usipa wouma umene munapereka ndiwo unali ndiwo za ana amasiye. Tinaugawa msanga, usanakumane ndi chinyezi cha dzinja, chifukwa usipa suchedwa kufumbwa ndi kuwawa. Koma chimene tikukuthokozerani kwambiri ndi nsomba zimene simunagwire. Pa Deuteronomo 22:6-7 pali lamulo laling'ono la chisa cha mbalame: ukapeza mbalame ikufungatira mazira kapena anapiye, usatenge mayi pamodzi ndi ana, mayiyo umuleke apite, kuti zikukomere ndi kuti masiku ako achuluke. Msodzi aliyense akudziwa kuti chambo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana m'kamwa, nkukatitula m'madzi osaya a m'mabango. Khoka lokokedwa m'gombe nthawi yoswana limatenga mayi ndi ana ake pakamodzi. Masikito, amene anapangidwira kuteteza ana athu ku malungo, amakokolola kasawala ndi mazira omwe. Akuluakulu a ku Malombe amakumbukira mmene chambo chinalili m'zaka za m'ma 1980, ndi mmene chinasowera pofika m'ma 1990, mpaka boma ndi asodzi anayambitsa makomiti a m'madoko oyang'anira usodzi (ma BVC) mu 1993. Pamenepo temberero silinachite kugwa kuchokera kumwamba, linatuluka m'makoka momwemo. Inu amene munapachika makoka nyanja itatsekedwa nthawi yoswana nsomba, anzanu akupita usiku mozemba, munamvera a zausodzi, komanso munamvera lamulo lakale kuposa iwo. Tikudziwa kuti miyezi imeneyo inali yowawa pakhomo panu.

Eni zida amene munagawa ndalama kwa antchito anu a panyanja, alovi ndi siginala, m'mawa womwewo nsomba zitagulitsidwa, ndi inu eni minda amene munalipira aganyu dzuwa lisanalowe, zikomo. Levitiko 19:13 salola malipiro a waganyu kugona m'nyumba mwako mpaka m'mawa, ndipo Deuteronomo 24:15 akupereka chifukwa chake: munthuyo ndi wosauka, mtima wake uli pa malipirowo. Wopalira ndime mu Januwale amadya madzulo chimene wagwirira masana. Ukamuuza kuti "bwerani Lachisanu", ana ake agona ndi njala masiku atatu, ndipo m'mawa abwera kudzagogoda ku nkhokwe ya mpingo. Waganyu aliyense wolipidwa pa nthawi yake anali dzina limodzi lochepa m'kaundula wathu. Malangizo athu ndi akale omwe aja: gwirizanani kukula kwa ndime ndi mtengo khasu lisanagwe pansi, pakhale mboni, ndipo ngati malipiro ndi chimanga, chigoba choyezera chionetsedwe poyamba.

Za katapila tinena mwachidule. Eksodo 22:25 ndi Levitiko 25:36-37 amaletsa kudyera m'bale wosauka chiwongoladzanja, pa ndalama ngakhale pa chakudya. Ndowa imodzi mu Januwale, ziwiri pokolola, ndi katapila basi ngakhale wobwereketsayo ayimbe kwaya. Amene munabwereketsa ndowa nkuyembekeza ndowa, ndi amene munakana kulanda khasu, ukonde kapena njinga ngati chikole, podziwa kuti Deuteronomo 24:6 amati kulanda mphero ndi kulanda moyo wa munthu, Mulungu akuonani.

Madikoni ndi asungichuma, ntchito yanu ndi yosayamikika kawirikawiri, ndipo ndi imene imaphwasula mipingo ikalakwika. Mfumu Hezekiya atakonza zipinda zosungira zopereka pa 2 Mbiri 31:11-13 anaika woyang'anira, wachiwiri wake ndi ena owathandiza, ndipo pa 2 Mafumu 12:10 ndalama za m'bokosi zinkawerengedwa ndi anthu awiri. Inunso munatero. Chitseko chinali ndi maloko awiri, makiyi ali kwa anthu a m'mabanja osiyana. Thumba lililonse linalembedwa nambala polowa ndi potuluka, wolandira anasayina kapena kudinda chala, ndipo lipoti linawerengedwa pamaso pa mpingo mwezi uliwonse. Ena amati kutero ndi kukayikirana pakati pa abale. Paulo mwini, pa 2 Akorinto 8:20-21, sanafune kunyamula yekha mphatso ya mipingo, kuopa kuti wina angamunene. Loko wachiwiri amateteza dikoni ku miseche, komanso ku yesero la tsiku limene kwawo kulibe ufa.

Mafumu athu, zikomo potithandiza kutsimikiza mayina, kuti mndandanda usadzaze ndi abale a akomiti. Anansi athu achisilamu, amene tili nawo khomo ndi khomo m'boma lino, ena munabwereka ngolo ndi matenti, ena munatilozera agogo amene ife tinawaphonya. Pogawa sitinafunse kuti munthu amapemphera Lachisanu, Loweruka kapena Lamulungu. Agalatiya 6:10 amati tichitire zabwino anthu onse, ndipo njala sifunsa chipembedzo.

Pali abale ena amene tikufuna atimvetse bwino. Munapereka chachikhumi mokhulupirika chaka chatha, koma munda wanu wa m'mbali mwa Shire unamira, kapena ng'amba inapsereza chimanga chikumasula, ndipo chaka chino munabwera kudzalandira m'malo mopereka. Musalole wina akuuzeni kuti muli ndi tchimo lobisika. Ambuye anakana maganizo amenewo pa Yohane 9:3. Chachikhumi si njuga yoti uponye thumba limodzi utole khumi, ndiponso sitigula nacho chipulumutso, pakuti Aefeso 2:8-10 amaika chisomo patsogolo, ntchito zabwino pambuyo. Deuteronomo 15 amanena zinthu ziwiri m'mutu umodzi: pa vesi 4 ndi 5, kuti pasakhale wosauka pakati panu mukamvera, ndi pa vesi 11, kuti osauka sadzatha m'dziko, choncho tambasula dzanja. Mavesi awiriwa amakumana pa chitseko cha nkhokwe. Akuluakulu anati kupatsa nkuika, ndipo ndowa imene munalandira inali mbali ya dalitso lomwe lija, yadzera m'munda wa mnzanu. Tikukuthokozani chifukwa chobwera masana, osabisala, pakuti mwachotsa manyazi kwa ena amene akanafa ndi njala mwakachetechete.

Abusa ndi akulu a mpingo, zikomo potipatsa Lamulungu lathunthu lophunzitsa malamulo amenewa masika asanafike, m'malo mongolengeza kuti tibweretse matumba.

Zotsala ndi izi. Chipinda chisesedwe bwino chimanga chatsopano chisanalowe, zinyalala zonse ndi masaka ofumbwa ziwotchedwe kutali, ming'alu ya pansi ndi ya m'khoma imatidwe chifukwa ndi mmene anankafumbwe amadikirira, ndipo malata odontha pakona yakummawa asinthidwe. Matumba a PICS amene munatengera chimanga kunyumba abwerere kwa dikoni wa mlaga wanu kuti ayesedwe, osabooka agwiranso ntchito chaka chino. Amene muyambe kukolola, kumbukirani Levitiko 19:9-10 ndi Deuteronomo 24:19: musabwerere m'munda kukatola chitsononkho chilichonse chimene chatsalira, ndipo muwauze ana olondera munda kuti agogo okunkha asathamangitsidwe.

Ndife anu mu utumiki,
Komiti ya Zachifundo