Usiku umene firiji ya karapau inazima kupitirira Rundu

Titangodutsa Rundu, tauni ya kumpoto kwa Namibia, dalaivala anasiya kucheza n'kutsitsa galasi. "Achimwene, mukumva chilichonse kumbuyoko?" Ndinatchera khutu, kuli zii. Injini ya firiji inali itazima, ndipo m'loremo munali makatoni a karapau wouma gwa ndi kuzizira, wochokera ku doko la Walvis Bay kupita ku Kasumbalesa, pamalire a Zambia ndi DRC.

Bamboyu anali wa ku Chipata, n'chifukwa chake anandinyamula: tinamvana Chinyanja padoko. Anandipatsa tochi, iye n'kukwera pakati pa mutu wa lore ndi ngolo. Lamba wa injini ya firijiyo anali ataduka. Lamba wina anali naye pansi pa mpando, koma sipanala yoyenera panalibe. Tinakhala pamenepo maola awiri, udzudzu wa mumtsinje wa Kavango ukutidya, iye akungogwiragwira chitseko cha firiji ngati mayi woyeza kutentha kwa mwana. Chitsekocho sachitsegula ngakhale pang'ono, akuti ukatero kuzizira konse kumathawa. Dalaivala wina amene sitikumudziwa n'komwe anaima, natibwereka sipanala, ndalama n'kukana. Injini italira, mnzangayo anakhala pansi pamsewu n'kuseka mpaka misozi.

Nsombazi zimachuluka chifukwa cha madzi ozizira a Benguela, amene amayenda m'nyanja m'mbali mwa gombe la Namibia. Namibia italandira ufulu mu 1990 inaletsa zombo zakunja kuwedza mwachisawawa m'nyanja yake, koma doko la Walvis Bay linabwezedwa ndi South Africa mu 1994. Lero nsomba yodula ija, hake, yambiri imakwera sitima zapamadzi kupita ku Spain. Karapau ndi wa ife anthu wamba, amayenda pamsewu makilomita oposa 1,000 asanaoloke n'komwe mlatho wa Zambezi ku Katima Mulilo kulowa mu Zambia.

Chimene chinandiwawa n'chakuti mu 2019 nduna ziwiri za ku Namibia zinatula pansi udindo pa nkhani ya ziphuphu zokhudza zilolezo zogwirira karapau yemweyu. Ena amadyera pa siginecha chabe, pamene bamboyu akanadulidwa malipiro chifukwa cha lamba mmodzi.

Mukamapita ku Namibia, tengani ma rand, amayenda mofanana ndi dola ya Namibia. Musaiwalenso juzi. Ku Walvis Bay m'mawa kumachita nkhungu ndi mphepo yolowa m'mafupa, ine ndinapita ndi malaya okha poganiza kuti kuchipululu n'kotentha.