Ndasiya kufunsa ngati mfiti za ku Salem zinali zenizeni

Lachitatu usiku magetsi atazima ndinayala pepala la manila pa mkeka, tochi ya foni ili pakamwa, ndipo chinthu chimene chakhala chikundizunguza mutu kuyambira temu yatha chinamasuka. Mpaka lero mtima uli m'malo. Anzanga amene tikulimbana ndi The Crucible, sewero la Arthur Miller la milandu ya ufiti ya ku Salem ku America, nkhani yake mukuidziwa, sindibwereza. Ndingonena chimene chinanditsegula maso.

Miyezi yonseyi ndinkawerenga sewerolo ndi funso limodzi: kodi ku Salem mu 1692 kunalidi mfiti, kapena atsikana aja oneneza anthu ufiti ankanama? Ine ndinakulira kumudzi cha ku Katete, kumene mawu akuti "amulodza" sanenedwa moseka. Ndiye ndikamawerenga, mtima wina umati mwina zinalipodi, wina wa kusukulu umati ayi, ndi mantha chabe. Asayimenti yanga yoyamba inangothera pa mkangano umenewu, za sewerolo sindinanenemo kanthu.

Chinandithandiza si buku la pa silabasi. Mnzanga ananditumizira pa WhatsApp mitu ingapo ya buku la Max Marwick, Sorcery in its Social Setting, la 1965. Bamboyu anachita kafukufuku pakati pa Achewa konkuno, Chipata ikadali Fort Jameson, kuyambira 1946. Sanadzivute n'kufunsa ngati mfiti zimaulukadi pa lichero. Iye ankalemba kuti wadwala kapena wamwalira ndani, akumuganizira ndani, awiriwo pali chibale chanji, ndipo anayambana pa chiyani. Atasonkhanitsa nkhani zambiri anaona kuti chala sichilozera mlendo kawirikawiri. Chimalozera wa m'mimba imodzi, wachibale wa kuchikazi, malume ndi mphwake, anthu olimbirana ng'ombe za masiye kapena unyakwawa. Munthu wapadera mukayambana umamutengera ku bwalo, mlandu nkutha. Wachibale sutero. Nkhaniyo imakwiriridwa, imanyeka pansi ngati moto wa mankhusu, mpaka mwana adwale, ndiye imatuluka itavala dzina la ufiti. Kenako mbumba nkugawanika, ena kukamanga mudzi wawo.

Nditawerenga pamenepo ndinaima. Ndinalemba maina onse a m'sewero pa manila paja, nkumajambula muvi kuchoka kwa woneneza kupita kwa wonenezedwa, ndipo pa muvi uliwonse ndinalemba chimene anali atayambanirana kale. Anzanga, palibe muvi umene unakhala wopanda mawu! Ann Putnam anaika m'manda makanda 7, pamene Rebecca Nurse ali ndi ana 11 ndi zidzukulu 26. Kwathu kuno ndani sangamve ululu umenewo ndi kumene ungathere? Thomas Putnam maso ali pa malo, ndipo Giles Corey akunena poyera kuti George Jacobs akunenezedwa kuti munda wake ugulidwe. M'busa Parris, mwana wake ali chigonere, akudandaula za nkhuni ndi malipiro ake, ndipo mkangano wa nkhuniwo unalikodi m'mbiri ya mudziwo. Abigail ndi Elizabeth Proctor, muvi wake ndi chibwenzi cha Abigail ndi John Proctor, mwamuna wa Elizabeth, ngakhale pamenepo Miller anakometsera yekha: Abigail weniweni anali kamtsikana ka zaka 11 kapena 12, iye anamupatsa 17, John Proctor wa zaka pafupifupi 60 nkumubweza kukhala bambo wanyonga zake.

Mikangano yonseyi inalipo ufiti usanatchulidwe. Chimene bwalo la milandu linachita n'kupereka chilankhulo chimodzi choti chidani chakale chilankhulire, chilankhulo cha tchalitchi, chimene munthu sangachitsutse popanda kuoneka mdani wa Mulungu. Anthu 19 anapachikidwa, Giles Corey anamupsinja ndi miyala mpaka kufa. Ndipo apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake Miller analemba izi mu 1953, nthawi ya McCarthy, senetala amene ankasaka achikomyunizimu ku America, pamene munthu ankadzipulumutsa potchula maina a anzake. Iye mwini ataitanidwa ku komiti ya nyumba ya malamulo yofufuza achikomyunizimu mu 1956 anakana kutchula munthu. Ndinkaloweza mfundo imeneyi ngati tsiku lobadwa la munthu wachilendo. Tsopano ndikuona kuti ndi muvi womwewo.

Ndinene mosabisa, pepala la mivi limeneli ndikulikhulupirira kuposa manotsi onse amene ndalembapo. Ndikuona kuti buku lililonse la anthu okhala pamodzi lingatseguke nalo. Musayambe ndi mitu ya nkhani, musayambe ndi mbiri ya wolemba. Tengani manila a makwacha ochepa, jambulani mivi, basi.

Chimene chikundiwawa n'chakuti bwanji m'kalasi sitinauzidwe zimenezi. Masabata atatu tinangolembetsedwa manotsi, mutu woyamba mantha, wachiwiri mbiri yabwino, wachitatu ulamuliro, ife nkumakopera. Nditafunsa ngati tingayerekeze Salem ndi mchape, gulu lija loyeretsa mfiti, umene unadutsa m'midzi yathu m'ma 1930, aphunzitsi anati zimenezo sizibwera pa mayeso. Mwina nawonso nthawi imawathina, sindikukana. Koma tikukhala m'chigawo chimene munthu anachitiramo kafukufuku wodziwika dziko lonse pa nkhani yomweyi, ndipo dzina lake ndalimvera pa foni. Nanga nthawi ndiipeze kuti? Masana onse ndimakhala mu shopu ya amalume cha ku Kapata, ndikafika kunyumba mutu uli waa, buku la mu laibulale n'limodzi ndipo nthawi zonse lili ndi wina.

Dzulo ndinayesa mivi yanga pa Macbeth, sewero la Shakespeare, popeza nalonso likubwera pa mayeso. Yakana. Mmenemo mfiti zitatu zija palibe akuzineneza, zikuyankhula zokha pa siteji, ndipo zimene zikunena zikuchitika. Ndikudziwa kuti mfumu James, imene inkalamulira pamene Macbeth linalembedwa, inalemba buku la za ufiti lotchedwa Daemonologie mu 1597, ndipo pa milandu ya ufiti ya ku North Berwick ya 1590 iyo mwini inakhalapo pofunsa anthu amene ankati anautsa namondwe pa chombo chake. Mwina muvi wake ukuchoka kwa Shakespeare kupita kwa mfumuyo, wolemba kupatsa mwini gulu la zisudzo zimene amakhulupirira. Koma ndikaujambula choncho sukundikhutiritsa.

Chinanso, Loweruka ndinawafotokozera agogo aakazi zonsezi, ndili wosangalala. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Nanga iwe mdzukulu wanga, umayesa munthu amakatenga mankhwala popanda mkangano?" Ndiye kuti mivi yomweyi kwa iwo ndi umboni wakuti ufiti ulipo. Sindinawayankhe. Mayeso atsala masabata awiri, ndipo sindinaganize ngati mawu awowa ndiwaike mu asayimenti kapena ndiwasunge ndekha kaye.